Kuseri kwa Phewa la Madamu Taonani

Dzina lawo lenileni linalembedwa pa chitseko cha kalasi yoyamba, koma dzuwa ndi manja a ana zinalifufuta kalekale, ndipo palibe amene anadandaula. Ana, makolo, ngakhale aphunzitsi anzawo, onse ankangoti Madamu Taonani. Dzinali anadzipatsa okha ndi pakamwa pawo, chifukwa sankatha kutembenuza tsamba la buku osanena kuti, "Taonani apa!" Abambo ena a ndevu pepeya amene ankaperekeza ana awo pasukulupo anapukutidwapo mamina ndi mayi ameneyu, ndipo akakumana nawo pamsewu ankachotsabe manja m'matumba.

Ntchito anaiyamba ali kamtsikana koonda, kamantha, kogwira choko ngati chiluma. Mwamuna wawo, dalaivala wa malole, anamwalira ana awo awiri asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo Madamu anawalera okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa bwalo la mpira. Kangapo konse ahedi osiyanasiyana anafuna kuwakweza kuti akaphunzitse makalasi apamwamba, kumene ana amakhala pa madesiki ndipo salira amayi awo akabwerera pageti. Iwo ankakana.

"Akuluakulu aja amabwera atadziwa kale kunama kuti amva," ankatero. "Awa akapanda kumva amakuyasamulira pamaso, basi wadziwa."

Chuma chawo chonse chinali m'chikwama cha nsalu chimene chinkawapendeketsa phewa poyenda. Munali mabuku a zithunzi, ena opatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, ena otola kwa ogulitsa zakale m'mbali mwa msewu. Misana ya mabukuwo anaisoka ndi ulusi wakuda, ndipo makona a masamba anali atafewa ngati nsalu. Ndi mabuku amenewa ankaphunzitsa chilichonse. Ikakhala nthawi ya masamu, ana ankawerenga mawilo a galimoto za pa chithunzi. Ikakhala ya ukhondo, ankafunsidwa kuti pa tsambali ndani sanasambe. Zilembo zimene pa bolodi zinkawaopsa ana, m'buku ankazipeza zitakhala phee pansi pa galu kapena pansi pa ndowa, n'kuyamba kuzolowerana nazo.

Koma buku lililonse linali limodzi, ana odzaza chipinda mpaka pakhomo. Mungatani? Madamu anali ndi njira yawo. Ankakhala pa kampando kafupi kutsogolo, ana atakhala pansi. Buku ankaliimika pa maondo, chikuto chitatsamira pachifuwa pawo, masamba akuyang'ana kwa ana. Iwo ankawerama n'kumaliwerenga kuchokera pamwamba, zilembo zili chozondoka, chala chikuyenda pansi pa mawu kuti ana azitsatira. Poyamba ankapunthwa, koma zaka zinawasula. Anafika poti kuchipatala ankawerenga zimene dokotala akulemba tsidya lina la tebulo, n'kumufunsa za mankhwalawo iye asanamalize kulemba. Mwana wawo wamkazi ankawaseka kuti tsiku lina adzavala magalasi chozondoka osazindikira.

Tisabise, luso limeneli ankanyada nalo. Buku latsopano likabwera sankavutika n'kuliwerengeratu kunyumba ngati aphunzitsi ongoyamba kumene. Ankalitsegulira pamaso pa ana fungo la kusitolo lisanachoke, n'kuliwerenga osaphonya. Chimene anapindula ndi khosi lopindikira kutsogolo, limene m'nyengo yozizira linkawawa mpaka kumsana.

Mwa mabuku onse, ana ankafera la amalume ena otaya chipewa. Linabwera zaka zochepa zapitazo. Amalumewo ankafunafuna chipewa chawo tsamba ndi tsamba: pansi pa bedi, kukhitchini, kumsika, kwa ometa tsitsi. Mpaka kumapeto osachipeza, n'kungogula china. Madamu ankaona kuti wolembayo anachita ulesi pomaliza, choncho ankawonjezerapo phunziro lawo lakuti munthu azisamala zinthu zake. Koma ana! Tsamba lililonse kunali phwete, ena kugubuduka pansi, kuloza, kukuwa kuti, "Icho! Icho, Madamu!"

"Ayi, amalume sanachipeze," iwo ankayankha osadzutsa mutu. "Tsekani pakamwa, tsegulani maso."

Mumtima ankadziwa chimene chinkawaseketsa anawo. Anali mawu a besi amene ankawapangira amalume aja, ndipo kunena zoona ankawatha.

Chaka chimene tikunenachi, Madamu atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, m'kalasi mwawo munabwera kamtsikana kamene anzake anakatcha Kamayi. Anali mwana woyamba wa bambo wina wokonza njinga. Amayi ake ankachapa nsalu kuchipatala ndipo ankachoka kusanache, choncho kusambitsa mng'ono wake ndi mlongo wake wakhanda, kuwadyetsa ndi kukawasiya kwa aneba, inali ntchito ya iye. Pasukulu ankafika phunziro la zilembo za pa bolodi litatha, nthawi ya buku itangoyamba kumene, diresi litanyowa kutsogolo.

Lamulo la pasukulupo linali loti wochedwa azitola zinyalala panja. Tsiku loyamba Madamu anayang'ana diresi lonyowalo, anamva kafungo ka sopo, ndipo mtima sunawalole. Koma pansi panalibe malo, ngakhale popondetsa phazi.

"Bwera uime kuno kumbuyo kwanga, usapondeponde anzako," anatero.

Amenewo anakhala malo ake chaka chonse: kuseri kwa phewa lamanja la Madamu, ali chete, mpweya wake ukuwomba pakhosi pawo. Sankavuta, sankafunsa, sankaseka ndi anzake. Ndipo m'kalasi yodzaza, mwana wosavuta sachedwa kuiwalika. Madamu ankamukonda, koma ankamukonda ngati mmene munthu amakondera mthunzi wa pakhomo pake, osauyang'anitsitsa.

Kumapeto kwa chaka ahedi ankayesa okha ana a kalasi yoyamba, mmodzimmodzi, mu ofesi mwawo. Anali bambo wotopa, wachilungamo, wa tayi imodzi yomweyo chaka chonse. Ankaika khadi la mawu patebulo, patsogolo pa mwana, n'kunena kuti, "Tiye." Kamayi anayang'ana khadilo, anapendeketsa mutu uku, n'kuupendeketsa uko. Sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ahedi anadikira mokwanira, kenako ananena mofatsa kuti abwereze kalasi yoyamba.

Madamu anamva chisoni koma sanadabwe. Mwana wophonya zilembo za m'mawa tsiku ndi tsiku akanakhoza bwanji? Poweruka anamupeza atakhala pa masitepe, ndipo anapisa m'chikwama n'kumubwereka buku la chipewa lija kuti akakhale nalo kunyumba.

M'mawa mwake bambo ake anabwera okha, manja ali bii ndi girisi, n'kuima pakhomo pa kalasi chipewa chili m'manja.

"Madamu, ndabwera kudzathokoza. Mwayesetsa ndithu," anatero. "Koma mwanayu mutu wake si wa sukulu. Aneba aja atopa n'kutilerera ana, anena kale. Bola akhale pakhomo, athandize amayi ake."

"Bambo, mwanayu akadali wamng'ono. Ena amachedwa kutseguka mutu."

"Akanakhoza, Madamu, ndikanakawagwadira anebawo. Koma ndikagwadire chinthu chosaoneka? Chaka chathunthu, ngakhale chilembo chimodzi?"

Sanali munthu wankhanza, ndipo n'zimene zinawapweteka kwambiri Madamu, chifukwa wankhanza umatha kukangana naye. Iwo ankadziwa bwino kuti mtsikana akachoka pasukulu pa msinkhu umenewo sabwereranso. Anali atawaona ambiri otere, pambuyo pa zaka, ali ndi beseni pamutu kumsika, akutembenuza nkhope kuti asaonane ndi mphunzitsi wawo.

Loweruka masana Madamu anavala nsapato zawo zoyendera, ulendo wa kwa wokonza njinga, kuti akayesenso kupempha. Malowo anali kashedi ka malata m'mbali mwa msewu. Njinga ziwiri zinali chozondoka, mawilo m'mwamba. Panali beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka, machubu olendewera pa msomali, ndi chitini cha mabawuti osakanikirana. Bamboyo anawapukutira kabenchi ndi mkono wa malaya, ndipo anayamba kupatsana moni wautali wa anthu odziwa kuti nkhani imene ikubwera ndi yovuta.

Asanalowe n'komwe m'nkhanimo, kuseri kwa malata kunamveka mawu.

"Taonani apa!"

Madamu anadzidzimuka. Anali mawu awo enieni, kakwezedwe kake, kakokedwe kake, koma otuluka pa kakhosi kakang'ono. Kenako kunabwera besi ya amalume, ndipo tiana tinaseka.

"Musadabwe, amangotero kuyambira tsiku munamupatsa bukulo," anatero bamboyo. "Analoweza ngati nyimbo. Kuloweza kokha ndiye amatha."

Madamu anadzuka n'kuzungulira kuseri. Kamayi anali atakhala pa chigubu, buku litaima pa maondo, chikuto pachifuwa, masamba akuyang'ana kwa mng'ono wake ndi mlongo wake amene anakhala pansi. Mutu anaweramitsa, khosi litapindika ndendende ngati la Madamu, chala chikuyenda pansi pa mawu. Iwonso poyamba anaganiza kuti ndi zoloweza. Koma wakhanda uja anakoka masamba, awiri n'kupitira limodzi, ndipo Kamayi sanapitirize nyimbo ya pamtima. Anaima, anayang'ana, n'kuyamba kunena za kwa ometa tsitsi, zimene zinalidi pa tsambalo.

Mphunzitsi wa kalasi yoyamba sasowa kachidutswa ka choko m'thumba. Madamu anatola kathabwa pansi, n'kulembapo mawu atatu amene sanali m'buku lililonse la m'chikwama chawo.

"Kamayi, tawerenga apa."

Mwanayo atawaona anaimirira msangamsanga, buku n'kugwa. Anayang'ana kathabwako ndipo mutu unayamba kupendekeka ngati mu ofesi muja. Maso anadzaza misozi. Bambo ake, amene anali atabwera ndi sipanala m'manja, anapumira m'mwamba n'kuyang'ana kumbali.

Pamenepo Madamu anatembenuza kathabwako pang'onopang'ono mpaka zilembo zinazondoka.

"Ba-mbo," anatero Kamayi. "Bambo a-ko-nza nji-nga."

Sipanala inagwa pansi. Wakhanda uja anayamba kutafuna kona ya buku.

Madamu anakhala pa chigubu chija. Chimwemwe ndi manyazi zinawagwira nthawi imodzi. Chaka chonse mwanayu anaima kuseri kwa phewa lawo, akuona tsamba mmene iwo ankalionera, akutsatira chala chawo liwu ndi liwu. Anzake onse ankaona zilembo zitaima, koma patali. Iye ankaziona pafupi, zozondoka, ndipo anaziphunzira choncho, yekhayekha, popanda womufunsa funso ngakhale limodzi.

"Bambo, mwana wanu amawerenga," anatero. "Amawerenga kuposa ambiri amene akhoza. Kungoti waphunzirira pamalo olakwika, ndipo amene anamuimika pamenepo ndine."

Wokonza njinga anatenga kathabwako, n'kukatembenuza uku ndi uku. Kenako anaseka, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, girisi n'kutsalira pa tsaya.

"Ndiye kuti wanditengera! Inenso njinga ndimaigwira itazondoka." Kenako anayang'ana mwana wake. "Koma Madamu, pobweza kwa mwini wake ndimayamba ndaiimika bwinobwino. Nanga uyu amuimika ndani?"

"Amene anamuzondotsa," anatero Madamu. "Inu kagwadireni aneba aja."

Lolemba Madamu anagogoda ku ofesi ya ahedi, Kamayi ali kumbuyo kwawo monga mwa masiku onse.

"Madamu, za mayeso tinatseka kale," anatero ahedi osasiya kulemba. "Ndikatsegulira mmodzi, mawa pakhomo pano padzaza makolo."

"Ndikudziwa, ahedi. Zaka zonsezi sindinakupempheniponi zotere. Mumuyese kamodzi kokha. Koma khadi musaike patebulo, mumupatse m'manja."

Ahedi anawayang'ana pamwamba pa magalasi, anapukusa mutu, n'kutsegula dirowa. Anasankha khadi lina, losiyana ndi loyamba lija, n'kumupatsa mwanayo. Kamayi analilandira ndi manja awiri. Anayang'ana Madamu, iwo n'kugwedeza mutu. Ndiye analitembenuza, analitsamiritsa pachifuwa mawu akuyang'ana kwa ahedi, n'kuweramitsa mutu.

"Taonani apa," Kamayi anawauza ahedi.

Ndipo ahedi, bambo wa imvi zake, anaonadi. Chala chinayenda kuchokera pa liwu loyamba mpaka lomaliza, ndipo silinatsale ngakhale limodzi. Atamaliza, ahedi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Apite kalasi yachiwiri," anatero. "Koma Madamu, mphunzitsi wa kumeneko sadzaima ndi mutu kuti amulembere pa bolodi. Tchuthi chinochi n'chanu nonse awiri."

Sabata yoyamba ya tchuthi, m'mawa wina, anakumana m'kalasi yopanda anthu. Chipindacho chinkaoneka chachikulu modabwitsa, ndipo mawu ankabwerera kuchokera kukhoma. Mng'ono wake wa Kamayi ndi wakhanda uja anapatsidwa tizidutswa ta choko kuti azijambula pakhonde. Madamu anayang'ana kampando kawo, n'kukasiya pomwepo. Anakhala pansi, pa simenti pamene ana amakhala, maondo akulira, nsana utatsamira khoma. Kamayi anakhala pambali pawo. Buku la chipewa analitsegula pa miyendo ya onse awiri, litaima bwinobwino.

Anali asananene kanthu pamene Kamayi analoza.

"Madamu, nanga nkhuku iyi?"

Munsi mwa tsamba, pakona, pamalo amene amakhala pafupi ndi maondo a wogwira buku ndiponso kutali kwambiri ndi maso ake, panali kankhuku. Kanali kakukoka chipewa ndi mlomo kutuluka nacho pakhomo, amalume ali kalikiliki kusuzumira pansi pa bedi. Madamu anatsegula tsamba lina. Kukhitchini, kankhuku kaja kanali katakhala m'chipewamo kuseri kwa chitseko. Kumsika kanali pansi pa tebulo la wogulitsa. Kwa ometa tsitsi kanali pansi pa mpando wa amalume enieniwo. Pa tsamba lomaliza, amalume akunyadira chipewa chatsopano, kumbuyo kwawo tianapiye tinali titasuzumira m'chipewa chakale.

Wolemba uja sanachite ulesi ayi. Nkhani anaimalizira m'chithunzi.

"Ndiye ankaseka zimenezi?" anatero Kamayi, maso ali tong'o. "Ine kunyumba ndimayesa akuseka mawu anga a amalume."

Madamu anaseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka ana a pakhonde anasuzumira pakhomo kuti aone chachitika n'chiyani. Koma pakati pa kusekako misozi inasintha, ndipo anaimva kusintha kwake. Zaka zonsezi ana ankakuwa kuti "Icho! Icho, Madamu!" akuwauza zoona, iwo n'kumawatseka pakamwa. Anakhala moyo wawo wonse akuuza ana kuti aone, koma iwo sanadzutsepo mutu kuyang'ana kumene tizala tija tinkaloza, ndiponso sanacheukepo kuona mwana amene ankapumira pakhosi pawo. Zinawapweteka kuti azidziwa mochedwa chonchi, atatsala ndi chaka chimodzi chokha cha ntchito. Komabe anathokoza kuti chakacho chilipo.

"Madamu, mukulira?"

"Ndi fumbi la choko ili. Tiye tiyambe."

Anabwerera pa tsamba loyamba. Anagwira kachala ka Kamayi n'kukaika pansi pa liwu loyamba, kumanzere, pamwamba.

"Lero palibe woonetsa anzake. Tonse awiri ndife oonera."

Kamayi anayang'ana liwulo, ndipo mutu wake unayamba kupendekeka. Madamu anamugwira chibwano ndi chala chimodzi n'kuuwongola. Mwanayo anatsinzina, anatsegulanso maso, n'kuyang'anitsitsa zilembo zimene ankazidziwa bwino koma anali asanakumanepo nazo zitaimirira.

"A," anatero. Anapuma. "A-ma. A-ma-lu-me."

"Eya. Pitiriza, mwana wanga, ndikuona."